Diso lolemera

Ntchito imene ndinaphunzira kusukulu ndi yopanga mano oyikirira. Za maso zinandipeza ndili kale pantchito, ndipo sindine woyamba kulowera khomo limeneli. Kale maso oyikirira abwino ankachokera m'tauni ya Lauscha ku Germany, kumene Ludwig Müller-Uri anayamba kuwaumba ndi galasi mu 1835. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itadula malonda ndi Germany, asilikali a ku America amene anataya maso kunkhondo anasowa pogwira. Amene anawathandiza anali anthu a mano a m'gulu la asilikali lomwelo. Iwo anatenga acrylic, pulasitiki imene ankapangira nkhama za mano oyikirira, n'kuyamba kuumbira maso. Kuyambira pamenepo zipangizo za ntchito ziwirizi n'zimodzimodzi: alginate wotengera muyeso, sera, pulasitala, chikombole chachitsulo, mphika wowiritsira ndi makina osalalitsira. N'chifukwa chake pachipatala pamene palibe katswiri wa maso oyikirira, akuluakulu amatembenukira kwa munthu wa mano. Ine ananditumiza ku maphunziro aafupi, ndinabwerako ndi satifiketi ndi bokosi la utoto, ndipo a kuchipinda cha maso anayamba kunditumizira odwala.

Oyambirirawo sanandivute. Anali anthu amene opaleshoni yawo inayenda mwadongosolo. Dokotala akachotsa diso lowonongeka, amaika kampira mkati kuti katseke malo amene diso lasiya, n'kusokera minofu ndi nembanemba pamwamba pake. Njira ya kampirayi anaiyamba Mules, dokotala wa ku Manchester, mu 1885, ndipo kake kanali kagalasi. Kenako kuseri kwa zikope amasiyako kachigoba koonekera mkati kotchedwa conformer, kuti bala likamapola zikope zisamatirire ku mnofu wa kumbuyo. Pakapita masabata 6 mpaka 8 munthu amabwera kwa ine ali ndi dzenje lofiirira, lonyowa, lomasuka, longodikira diso. Madzenje otere anandipatsa mbiri yabwino msanga, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti mbiriyo yachokera m'manja mwanga.

Anthu ambiri amaganiza kuti diso loyikirira n'lobulungira. Ayi, ndi kachigoba kopindika, kokhuthala pang'ono pakati, kokumbika kumbuyo. Silimatidwa ndi guluu, silisokedwa. Chimene chimaligwira ndi timatumba tiwiri, kena kuseri kwa chikope cha m'mwamba, kena kuseri kwa cha m'munsi, mmene nembanemba imapindikira ikamachoka pachikope kulowera kumbuyo. M'mphepete mwa diso mumalowa m'timatumbamo. Kathumba ka m'munsi ndiko kamasenza katundu yense. Kakakhala kakuya, ngakhale diso lopangidwa mosasamala limakhazikika. Kakakhala kosaya, palibe luso la utoto limene lingathandize.

Bambo amene ndikusimba nkhani yawo anali mmisiri womanga nyumba, wa zaka zopitirira 50, mkulu wa mpingo kwawo. Diso lawo lakumanzere linapsa ndi laimu pamene ankasakaniza wopaka khoma. Laimu ndi woopsa kuposa mmene amisiri ambiri amamuonera. Asidi amawotcha pamwamba n'kuumitsa mnofu, ndipo mnofu woumawo umamutchinga kuti asalowe kwambiri. Mankhwala a mtundu wa laimu, simenti ndi soda wopangira sopo amafewetsa mnofu n'kumalowabe. Choipa cha laimu makamaka n'chakuti timibulu take timabisala m'timatumba tija n'kumawotchabe munthu atasukusula kale. Pangozi yotere pamafunika madzi oyera ambiri nthawi yomweyo, kutsanulira mosalekeza kwa mphindi 30, kutembenuza zikope n'kuchotsa timibuluto, kenako kuthamangira kuchipatala. Bambowa anasukusula ndi madzi a m'manja, anamanga kansalu, n'kupitiriza ntchito kuti tsiku lisapite pachabe. Kunyumba achibale anawadonthezera mankhwala a masamba. Pofika kuchipatala diso linali litabooka, muli mafinya. Analichotsa mwachangu, ndipo chifukwa cha mafinyawo sanaikemo kampira. Conformer imene anawaika inagwa bala lisanapole, iwo sanadziwe kufunika kwake, ndipo anakhala zaka zingapo dzenje lili lopanda kanthu, ataphimba ndi magalasi akuda.

Nditatsegula zikope zawo ndinaona chimene kumaphunziro anangotionetsa pachithunzi. Nembanemba inali yotuwa, youma, yokokana. Kathumba ka m'munsi kanali katangotsala pang'ono, ndipo chakumphuno panali chingwe cha chipsera chochoka kuchikope kukagwira mnofu wa kumbuyo. Pamwamba, pakati pa chikope ndi nsidze, khungu linali litalowa mkati n'kusiya chigwa chakuya, chifukwa diso likachoka popanda cholowa m'malo mwake mafuta a m'dzenjemo amatsetserekera pansi.

Namwino wa kuchipinda cha maso, mayi wachikulire amene anaona madzenje ambiri ine ndisanabwere, anasuzumira n'kundikokera pambali.

"Achimwene, dzenje ili si lanu. Likufuna mpeni kaye. Alembeni m'buku la dokotala wa opaleshoni, adikire akadzabwera."

Dokotalayo ankatiyendera mwa apo ndi apo kuchokera kuchipatala chachikulu, ndipo ulendo wawo wotsatira unali kutali. Nditabwerera kwa bambowo ndinawapeza atavula chipewa, atachigwira pamaondo. Mkazi wawo anali chikhalire pambali pawo.

"Adokotala, mwana wanga wamkazi akukwatiwa mwezi wamawa. Ndi chisamba changa. Ndikufuna ndikamuperekeze kutsogolo kwa tchalitchi ndili ndi nkhope ya munthu. Magalasi akudawa ndatopa nawo. Ana a ku Sande sukulu amandiopa."

Sindine dokotala, ndipo sindinawakonze. Ndinawamvera chisoni chenicheni, chimenecho sindingachikane. Koma m'kati mwa chisonicho munalinso kufuna kuti ndikhale ine wowabwezera nkhope, osati mlendo wochokera mumzinda. Ndinati, "Musadandaule bambo, paukwatipo mukakhala ndi diso."

Masamu a ntchitoyi ndinkawadziwa, anali m'kabuku kanga. Diso la munthu wamkulu ndi lalitali pafupifupi mamilimita 24 kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, ndipo limadzaza malo okwana pafupifupi mamililita 7. Kampira ka mamilimita 20 kamabweza mamililita 4 ndi pang'ono. Pa otsalawo, awiri kapena awiri ndi theka ndiwo gawo la diso loyikirira, ndipo kulemera kotero chikope cha m'munsi chimatha kukusenza kwa zaka. Mwa bambowa munalibe kampira. Ine ndinkafuna kudzaza malo onsewo ndi pulasitiki, n'kuikhazika pa kathumba komwe kanali katatha kale. Kunali kutereka mphika wa paphwando pa mafuwa a timiyala.

Zinayamba kulakwika potenga muyeso. Timaika kachigoba ka mabowo kuseri kwa zikope, n'kuthira alginate wosungunula ndi sirinji mpaka adzaze dzenje, ndipo amauma pakangopita mphindi ziwiri kapena zitatu. Lamulo lake n'lakuti uthire mofatsa, iye adzipezere yekha malo. Ine poona kuchepa kwa dzenjelo ndinakankha sirinji mwamphamvu mpaka zikope zinatukumuka. Muyeso umene unatuluka sunali wa dzenje la bambowo mmene limakhalira tsiku ndi tsiku, unali wa dzenje lotambasulidwa mokakamiza. Komanso alginate anazungulira kuseri kwa chingwe cha chipsera chija n'kuumira komweko. Nditakoka, anakana kutuluka. Bambo anagwira mpando ndi manja onse awiri osatulutsa mawu. Ndinakokanso, chingwe chinang'ambika, magazi anatsika patsaya mpaka pakolala ya malaya. Mayi anayang'ana kumbali. Bala latsopano m'dzenje la zipsera limapola ndi chipsera choposa choyamba, ndipo pamenepo mpamene ndinayenera kuika zida pansi. Ndinapukuta magazi, ndinadontheza mankhwala, n'kuwauza kuti zoterezi zimachitika.

Muyeso ukatuluka timausandutsa sera, ndipo serayo timamuyesa m'dzenje la mwiniwake, kumuchotsa, kumusema, kumubwezeramo. Njira imene anatiphunzitsa ndi ya Lee Allen wa ku Iowa, yomwe inalembedwa mu 1969, ndipo mfundo yake ndi yakuti muyeso ndi poyambira chabe, sera ayenera kusinthidwa mpaka agwirizane ndi zikope. Padzenje ngati la bambowa kusinthako n'kuchepetsa: kupepuza, kupyapyalitsa m'mphepete mwa m'munsi kuti mulowe m'kampata kotsalako, kusema pomwe pali chipsera kuti diso lichilambalale. Ine ndinawonjezera. Chigwa cha pansi pa nsidze chija chinkandisowetsa mtendere, choncho ndinamata sera pamwamba kuti akankhe khungu. Chigwa chinachepa, mayi anagwedeza mutu kuvomereza. Ndinamatanso wina kutsogolo kuti diso lituluke lifanane ndi linzake. Nkhope inkabwerera pakalilole ife tikuona, ndipo tonse atatu maso athu anali pamwamba. Chikope cha m'munsi chinkatsika pang'onopang'ono, chikuyamba kuonetsa kufiira kwa mkati mwake.

Sabata ya ukwati magetsi ankazima m'mawa n'kuyaka usiku kwambiri, ndipo jenereta inkangotumikira kumalo ochitira opaleshoni ndi kwa amayi oyembekezera. Acrylic timamupanga posakaniza ufa ndi madzi ake onunkha kwambiri otchedwa monomer, kumupanikiza m'chikombole, n'kumutenthetsa m'madzi. Kutenthako kumafunika kukwera pang'onopang'ono, kukhala nthawi yaitali, kenako kuwira ndithu kumapeto. Ukafulumiza moto, monomer amawira m'kati n'kusiya timabowo ta mpweya, ndipo chinthu chikakhala chokhuthala vutoli limakula, chifukwa acrylic akamauma amatulutsanso kutentha kwakekwake. Ukafupikitsa nthawi, monomer wina amatsalira wosapsa, n'kumatuluka pang'onopang'ono kukawotcha mnofu umene wakhudzana nawo. Mkamwa muli malovu ambiri otsuka, komabe wodwala amadandaula. M'dzenje louma la diso mulibe chotsuka. Ndinabwereka mbaula kwa alonda, ndinakoleza makala kuseri kwa chipinda changa, n'kutereka mphika. Moto wa makala sumva kuti chepa. Madzi anawira msanga, ndipo kunja kutayamba kuda ndinaphula nthawi isanakwane, ndikudziuza kuti chauma kale.

Kupenta ndiko ndinkakukonda, ndipo pa diso limeneli ndinathirapo mtima wanga wonse. Diso la munthu wakuda ukaliona patali umati ndi lakuda, koma ukaliyandikira padzuwa si lakuda ayi. Pansi pali mtundu wa khofi wakupsa, pamwamba pake timizere tofiirira tochoka pa mwanadiso kupita kunja, ndipo m'mphepete muli mkombero wotuwira umene umasungunukira m'choyera mopanda malire enieni. Mwa anthu achikulire mkomberowo umayera ngati utsi. Bwalo lonselo ndi la mamilimita 11 kapena 12, ndipo ukaphonya ndi theka lokha la milimita, aliyense amaona kuti china chake chalakwika ngakhale sangathe kuchitchula. Choyera cha diso nachonso si choyera. Cha bambowa, munthu wa padzuwa ndi fumbi la simenti, chinali chachikasu pang'ono, chokhala ndi timadontho tabulauni chakukhutu. Mitsempha timaipanga ndi ulusi wofiira, kuuphwasula mpaka utsale tsitsi limodzilimodzi, n'kumaligoneka ndi kaburashi motsata mmene mitsempha ya diso lamoyo yayendera. Ndinawakhazika pawindo masana onse, ndikuyang'ana diso lawo labwino, ndikujambula, iwo akundisimbira za nyumba zimene anamanga ndi za mkamwini wawo, mphunzitsi wa masamu. Tsiku limenelo tinagwirizana ngati munthu ndi mwana wake. Madzulo ndinakutira utotowo ndi acrylic woonekera mkati, n'kubwerera ku mbaula, ndipo kachiwirinso ndinaphula msanga.

Lachisanu m'mawa ndinawaveka. Linalowa movutikira, ndinachita kukoka chikope cha m'munsi n'kuchikweza pamwamba pa m'mphepete mwake. Atadziona pakalilole anakhala chete nthawi yaitali, kenako anavula magalasi akuda amene anali atawakweza pamphumi, n'kuwapatsa mkazi wawo kuti aike m'chikwama. Mayi anagwada n'kuwomba m'manja. "Ambuye akudalitseni, adokotala. Awa ndiye amuna anga amene ndinakwatiwa nawo."

Ndinawapempha kuti ayang'ane kudenga. Atatero, m'mphepete mwa m'munsi mwa diso munatulukira pamwamba pa chikope. Ndinaona ndi maso angawa. Chimenecho ndi chizindikiro chosakayikitsa chakuti diso silinakhale m'kathumba, langotsamira. Ndinalikankhira mkati ndi chala n'kunena kuti lizolowera. Ndinawalangiza kuti asamalichotse, ngakhale pogona, kuti dzenje lisapitirire kufota. Langizo limeneli ndi loona pa diso lokwana bwino. Langizo lina, limene wovala diso aliyense ayenera kumva tsiku loyamba, ndinaliiwala: popukuta kumaso uzitsinzina, n'kupukuta molowera kumphuno. Ukapukuta molowera kukhutu umakoka chikope cha m'munsi, diso n'kutuluka.

Za kuukwati anandiuza ndi mayi. Kutchalitchi zonse zinayenda bwino, bambo anamuperekeza mwana wawo, ndipo anthu amene sanawaonepo opanda magalasi ankatembenuka kuwayang'ana. Kuholo, nthawi ya perekaniperekani, woyendetsa mwambo anaitana makolo a mkwatibwi. Bambo ananyamuka akuvina, akuponya ndalama m'lichero, anthu akululutira. Kunkatentha. Anatulutsa mpango n'kupukuta thukuta kuchokera kumphuno kupita kukhutu. Diso linagwa pasimenti, ndipo popeza linali lokhuthala linagubuduka mpaka kukaima pafupi ndi mapazi a asewere awo. Kamwana kamene kankatola ndalama kanakuwa. Ena anaseka chifukwa chodzidzimuka, amayi ena anafunda zitenje kumaso, ndipo kumbuyo kunamveka mawu akuti zamatsenga. Bambo anaphimba nkhope ndi dzanja limodzi, anawerama n'kutola diso lawo okha, n'kutuluka. Anakakhala m'galimoto ya mbale wawo mpaka mwambo unatha. Pa zithunzi za kudula keke palibepo. Mkwatibwi analira ali pampando wake.

Madzulo omwewo analitsuka pampopi n'kulibwezeramo, chifukwa ine ndinati lisamachoke. Kugwa kuja linabenthuka m'mphepete, ndipo pobenthukapo pankakanda nembanemba nthawi iliyonse akaphethira. Poopa kuti ligwanso analimanga ndi bandeji yothina. Ukwati unawasiya opanda ndalama ya minibasi, choncho anapirira kunyumba masabata angapo, dzenje likuyabwa, likutentha, manthongo akumata zikope m'mawa uliwonse.

Atabwera, nditamasula bandeji, ndinamva fungo ndisanaone kanthu. Nembanemba inali yotupa, yofiira ngati nyama. Chikope cha m'munsi chinali chitagwera kunja. Kathumba kaja kanali katatheratu, pansi pali see, ndipo pomwe ndinang'amba chingwe panali patamera chipsera chotambalala. Ngakhale pamenepo sindinasiye. Ndinathamangira kumakina kukalipala disolo kuti lichepe. Ndikupala, fungo la monomer linandilowa m'mphuno, ndipo m'kati mwa choyera munaoneka timabowo tambirimbiri, mobisalira dothi ndi tizilombo. Ndinalisalalitsa, ndinaliyesa, linagwa. Ndinatsegula bokosi la maso ogula opangiratu amene timasunga, ndinasankha laling'ono kwambiri, loyenera mwana. Bambo ataphethira linatsetserekera patsaya, mayi analiwakha ndi chitenje. Namwino uja anali ataima pakhomo. Sananene kanthu kwa ine. Anatenga buku la dokotala wa opaleshoni n'kulembamo dzina lawo, n'kuwapatsa mankhwala odontheza ndi opaka.

Dokotalayo atabwera anawayeza nthawi yaitali, kenako anandiitanitsa disolo. Analiika pachikhatho n'kuyesa kulemera kwake, ngakhale linali lopalapala kale.

"Munalipanga ndinu?"

"Ndine."

"Utoto wake ngwabwino. Koma mverani. Dzenje lopsa ndi laimu likanafuna opaleshoni ndithu, inu mukanalikhudza kapena ayi. Kusiyana kwake n'kwakuti poyamba panali kathumba koti n'kukazamitsa ndi kachigamba kakang'ono. Tsopano ndiyenera kumanga pansi ponse, ndipo nembanemba yake ichokera mkamwa mwa bambowa."

Sanakweze mawu. Anandifunsa mmene ndinawiritsira, ndinawauza za mbaula. Anandifunsa ngati wina anandichenjeza, ndinati inde.

Bambo ndinawapeza pabenchi panja. Ndinakhala pansi pambali pawo n'kuwauza zonse mwatsatanetsatane: kuti namwino anandiletsa, kuti magazi a tsiku lija sanali achizolowezi, kuti diso linali lolemera kuposa mmene chikope chawo chikanasenzera, kuti silinapse bwino, kuti ndinaona likutuluka Lachisanu lija koma ndinawalola kupita. Ndinawauzanso kuti sindine dokotala. Anamvetsera atagwira chipewa chawo.

"Mwananga," anatero, "mukanangondiuza kuti sizitheka, ndikanavala magalasi anga aja. Anthu anali atandizolowera nawo. Mwana wanga ndikanavina naye mpaka kumapeto."

Mayi sanandiyang'ane. Anangofunsa kuti opaleshoniyo idzakhala liti, ndiponso kuti kumzindako wodikirira odwala amagona pati.

Dokotalayo anadikira kaye kuti kutupa kuthe, chifukwa palibe dokotala amene angasokere chigamba pa mnofu wodwala. Opaleshoni inachitika kawiri. Yoyamba inali yobweza chimene chinasoweka kuyambira pachiyambi: anadula kachidutswa ka khungu la mkati pamodzi ndi mafuta ake kuthako, n'kukadzala m'dzenje kuti kadzaze malo a kampira. Ubwino wake ndi wakuti ndi mnofu wa mwiniwake, sungatuluke monga kampira kamachitira m'dzenje louma, ndipo nembanemba imayala pamwamba pake n'kuwonjezera malo. Yachiwiri inali ya kathumba. Anachotsa zipsera, anasenda nembanemba kuseri kwa mlomo wa m'munsi, n'kuisokera pansi pa dzenje. Kuti kathumba katsopanoko kazame anadutsitsa ulusi kuchokera mkati, kukola pa fupa la m'munsi mwa diso, n'kutulukira patsaya pomwe anaumangira pa timapilo tating'ono. Anaikamo conformer n'kusoka zikope pamodzi kwa masabata angapo. Masiku oyamba bambo ankangomwa phala lozizira chifukwa cha bala la mkamwa. Banja linagulitsa mbuzi kuti likwanitse maulendo ndi chakudya cha mayi kumzinda, ndipo nyumba imene bambo anali atagwirizana kuti amange anaipatsa mmisiri wina. Ndinathandizapo pa ndalama za maulendo ena. Analandira, koma sitinanamizane kuti zabweza chilichonse.

Pali chinthu chimodzi pankhaniyi chimene chimandipweteka kuposa zolakwa zanga, chifukwa ndimachiona mwezi ndi mwezi. Madzenje ambiri ovuta amene amafika kwa ine sanayambe ali ovuta. Anavuta chifukwa munthu anatuluka m'chipatala wopanda conformer, kapena inagwa ndipo palibe anamuuza kuti abwerere msanga. Kachigoba kameneka ndi kapulasitiki wamba, ndingathe kupanga tambiri tsiku limodzi ndi zotsala za mano. Kwa ana ochotsedwa diso chifukwa cha khansa ya retinoblastoma nkhaniyi ndi yaikulu koposa, popeza mafupa ozungulira diso amakula bwino pokhapokha mkatimo muli chowakankha. Mwana akakhala ndi dzenje lopanda kanthu, mbali imeneyo ya nkhope imatsalira, ndipo akadzakula palibe mmisiri angaikonze ndi pulasitiki. Tinagwirizana ndi namwino uja kuti aliyense wochotsedwa diso azipita kwawo ndi conformer ina yapadera m'kabotolo, ndipo womudikirira aziphunzitsidwa kuibwezeramo asanatuluke pageti.

Diso lachiwiri la bambowo ndinalipanga dokotala atavomereza kuti chigamba chagwira. Ndinawafunsa kaye ngati akufuna kuti ndiwatumize kwa wina. Anati ulendo wa kumzinda wawakwana, ndipange ine, koma namwino akhalepo. Alginate ndinamusungunula kwambiri n'kumuthira mofatsa, ndinapaka mafuta pa nsidze ndi m'mphepete mwa zikope kuti asamatirire. Sera ndinamusema mpaka anapyapyala, ndipo poyesa ndinkawauza kuti ayang'ane kudenga, pansi, kumanja, kumanzere, atsinzine mwamphamvu, awerame ngati akutola njerwa. Ndinadikira tsiku la magetsi n'kuwiritsa nthawi yonse yolembedwa pa chitini, kenako ndinaliviika m'madzi usiku wonse ndisanawaveke.

Diso limenelo n'laling'ono poyerekeza ndi linzake. Lili mkati pang'ono, limayenda pang'ono chabe, ndipo chigwa cha pansi pa nsidze chikuonekabe. Zotsalazo tinazisiyira magalasi. Mbali ya diso loyikirira tinaika galasi lokuza zinthu pang'ono, limene limachititsa kuti woyang'ana aone diso ngati lalikulupo, ndipo felemu yokhuthala imabisa chigwacho. Magalasi onse awiri ndi a polycarbonate, osasweka wamba, chifukwa mmisiri wa diso limodzi amene akusakanizabe simenti ayenera kuteteza lotsalalo nthawi zonse. Dzenjelo ndi loumabe, amadontheza mankhwala ofewetsa kangapo patsiku. Mlomo wa m'munsi pomwe anasenda nembanemba pamachita dzanzi, ndipo akuti tiyi wotentha samumva bwino mbali imeneyo.

Nembanemba yochokera mkamwa imakokana ikamakhalitsa, ndipo dzenje lopsa ndi laimu likhoza kuyambanso kufota ngakhale patapita zaka. Choncho diso limakhala momwemo usana ndi usiku, amalichotsa pongolitsuka ndi madzi oyera ndi sopo wosanunkhira. Kamodzi pachaka amabwera kuti ndilisalalitse, ndipo ulendo uliwonse ndimayeza kuya kwa kathumba ka m'munsi ndi karula ka mamilimita, n'kulemba m'buku lawo la kuchipatala pansi pa muyeso wa chaka chatha. Dokotala analemba patsamba lomwelo kuti nambala ikadzayamba kutsika, bambo atumizidwe kwa iwo sera asanakhudzidwe.